Kamzere Kofiira ka Bambo

Kamzere kofiira katatuluka, Kanjuchi anamva mtima kuti myuu. Iye ndi anzake ku labotale anakhala akuchezera kupanga kachipangizo kochepa ngati chala, koti munthu akadonthezapo malovu kazionetsa pomwepo ngati ali ndi chifuwa chachikulu. Tsikulo ankakayesa pa anthu athanzi, ndipo woyamba pamzere anali bambo ake, telala, atatchena jekete la kuukwati.

"Kakuti bwanji, mwana wanga?" anafunsa bambowo. "Ine chipatala ndimangochidutsa panjira."

"Kalakwitsa, bambo. Sikanapse," anayankha Kanjuchi, n'kukaponya m'kabati.

Aphunzitsi ake anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kalakwitsa, kapena ukufuna kuti kalakwitse? Bambo akowa apite kuchipatala akawaone."

Mtsikana amene ankapempherera kachipangizoko kuti kakhoze, tsopano ankapemphera kuti kalephere. Ankawakonda bambo akewo, amene anamutcha Kanjuchi poti sankakhazikika pansi, ndiponso anamuphunzitsa ndi ndalama za pamakina osokera. Anadziuza kuti kachifuwa komwe bambowo anali nako n'ka fumbi la nsalu basi.

Madzulo anadzera kushopu kwawo. Anawapeza akupalasa makina, akusoka buluku lomwe analizindikira msanga.

"Si lanu ili?"

"Lakula lokha," anatero bambo, akuseka n'kutsokomola.

Kanjuchi analitembenuza. M'chiuno munali mizere itatu ya ulusi, uliwonse wofinya kuposa unzake. Telala akaonda sadziwika, amangobweza nsalu. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Bambo, ndinakunamizani. Kamzere kaja kanali kofiira. Mawa tilawirire kuchipatala."

Adokotala atawayeza mokwanira anatsimikiza kuti chinalidi chifuwa chachikulu, koma chapezeka nthawi ikadalipo. Ali pabenchi, Kanjuchi anangoti kukamwa pululu, kulira ngati kamwana.

"Nanga ukuliriranji?" anatero bambo, akumupukuta ndi kachigamba ka m'thumba. "Kanthu kako kakhoza mayeso. Wolephera ndine."

Mankhwala anali a miyezi yambiri, ndipo Kanjuchi ankawalondera ngati wapolisi. Tsiku lina anawapeza ali ndi lezala m'manja, akusomola ulusi wa buluku lija, mzere umodzi umodzi.

"Taona ntchito wandipatsa," anadandaula bambo, akusisita kamimba. "Tsopano likundithina."