Mapazi a Agogo ndi Msewu Wakale

Munira wa ku Domasi ankawakonda kwambiri agogo ake aamuna, a Sefu. Agogowo sankaona bwino. Koma makani ndiye anali nawo!

"Ine sindisochera," ankatero. "Mapazi angawa akuudziwa msewu. Ndinayamba kuuyenda uli wafumbi. Phula analithira ine ndikuona."

Kenako agogo anadwala. Anagona nthawi yaitali. Ali chigonere, madzi anakokolola mlatho. Anthu anamanga wina kumtunda. Msewu nawo unakhotera komweko. Msewu wakale unangotsala, ukumera udzu.

Makutu a agogo anamva zimenezi. Koma mapazi awo sanamve.

Lachisanu lina Munira anabwerako kusukulu. Pamkeka panalibe agogo. Ndodo yawo panalibe. Chisoti chawo choyera panalibe.

"Amayi, agogo ali kuti?"

Amayi anagwetsa lichero. Mpunga unamwazika.

"Mayo ine! Apita kumzikiti ku Songani okha!"

Onse awiri anathamangira kumsewu watsopano. Minibasi zinkadutsa. Njinga zinkadutsa. Koma agogo kunalibe.

"A Faruku, mwawaona agogo anga?" Munira anafunsa bambo wa kabaza.

"Iyayi, mwanawe. Pano sanadutse."

Munira anachita mantha. Kenako anakumbukira mawu aja. Mapazi a agogo akudziwa msewu wakale!

"Amayi, kumlatho wothyoka!"

Munira anathamanga liwiro la mtondo wadooka. Anadutsa minda ya mpunga. Anadutsa mitengo ya mango. Udzu unamukwapula miyendo. Iye sanaime.

Kutsogolo anamva madzi akukokoma. Anamvanso ndodo paphula lakale.

Go! Go! Go!

Agogo aja! Ankayenda chomwetulira. Patsogolo pawo msewu unali utaduka. Pansi pake panali madzi okhaokha.

"Agogo! Imani!"

Madzi anameza mawu ake.

Go! Go! Go!

"Agogo! Imani!"

Agogo anatukula ndodo. Anaitsitsa. Ndodoyo sinagunde kanthu.

Pomwepo Munira anawagwira mkanjo, gwi! Anakoka ndi mphamvu zake zonse. Onse awiri anakhala pansi, khu! Ndodo inagwera m'madzi. Madzi anapita nayo.

Agogo anatembenukira kwa Munira.

"Munira, mlatho uja uli kuti?"

"Unapita ndi madzi, agogo. Msewu unasamuka."

Amayi anafika ali wefuwefu. Anawakumbatira onse awiri. Analira, kenako anaseka.

"Ndodo yanga yapita," anatero agogo. "Ndiyenda bwanji tsopano?"

Munira anatenga dzanja lawo. Analiika paphewa pake.

"Gwirani apa, agogo."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka kumsewu watsopano. Agogo anavula nsapato. Anaponda phula ndi phazi limodzi. Anapondanso ndi linalo.

"Likutentha!" anatero, akuseka. "Mapazi angawa abwerera kusukulu. Aphunzitsi ake ndiwe, Munira. Tiye, yamba kuwaphunzitsa."