Buku Limene Linakana Kutayidwa

Telala wina ndi anzake awiri, namwino ndi mayi wa pasaluni, ankabwerekana mabuku oopsa, aja oti ukawerenga umagona nyale ili chiyakire. Iyeyo ankasanja mabuku ake pashelefu motsatana ndi mmene adzawawerengere, ndipo sankalola aliyense kugwirapo, ngakhale mwamuna wake.

Mwana wawo wakhanda atamwalira, kuwerenga anasiya. Patapita miyezi, namwino uja anamubweretsera buku lachikuto chakuda, lonena za mayi amene ankamva mwana wake womwalira akulira m'nyumba. Telala atangowerenga masamba oyamba, mtima unamuwira. Analiponya m'bini ya panja n'kulembera namwinoyo pafoni kuti, "Iwe ulibe umunthu. Usadzapondenso pakhomo panga."

M'mawa mwake analipeza pashelefu, poyambirira penipeni, likununkha makoko a anyezi.

"Abambo, mwagwira mabuku anga?"

"Ine ndi mabuku ako tinadziwana liti?" anayankha mwamunayo akumanga nsapato, osamuyang'ana.

Telala analitayanso buku lija, ulendo uno m'ngalande ya kuseri kwa nyumba. Usiku umenewo magetsi anali atazima, mdima uli bii. Anadzidzimuka ndi kaphokoso kochokera mkati mwa nyumba momwemo, ka tsamba la buku likutembenuzidwa pang'onopang'ono, kenako zii kwa nthawi yaitali, kenako tsamba lina. Thupi linauma, moti analephera ngakhale kutembenuka kuti agwedeze mwamuna wake. Kutacha, buku linali pamalo pomwe paja, lonyowa, masamba atafufuma.

Kusaluni anthu ankanong'onezana kuti bukulo linali la wodwala wina amene anafa asanalimalize, ndipo namwino anangolitola pabedi. Telala atamva zimenezo anatseka shopu n'kukamupeza mnzakeyo pakhonde la chipatala, odwala akuonerera.

"Wandipatsa chiyani iwe? Ndinakulakwira chiyani?"

"Ndinagula ndekha, mnzanga," namwino anatero motsitsa mawu. "Ndimati mwina likuthandiza kulira."

"Kulira ndiphunzire kwa iwe? Unaikapo mwana m'manda?"

Madzulo telala analitentha bukulo pambaula, n'kutakasa phulusa ndi kamtengo mpaka osatsala ngakhale kachidutswa.

Koma usiku kaphokoso kaja kanabweranso. Ulendo uno mkwiyo unaposa mantha. Anapapasa pabedi, mbali ya mwamuna wake inali yozizira. Anatenga sizasi yaikulu yodulira nsalu n'kulondola kaphokosoko mpaka kuchipinda cha mwana, chimene sankatsegula chichitikire maliro. Mwamuna wake anali atakhala pansi pafupi ndi kabedi kopanda kanthu, tochi ya foni ili m'manja, buku lili pamaondo.

"Ndiye ndinu. Mwandidanitsa ndi mnzanga, ndayaluka pagulu ngati wamisala, inu muli phee?"

"Chepetsa mawu," ananong'ona mwamunayo. "Ndinkalitola ndine, m'bini ndi m'ngalande momwe. Zimene akunena mayi wa m'bukumu ndi zimene ine ndimalephera kukuuza. Nanenso ndimamumva mwanayu."

"Munali ndi pakamwa. Ine ndinali pompano, bedi limodzi ndi inu." Telala analoza bukulo. "Nanga ili mwagula kuti? Lija ndatentha ndi manja angawa."

Mwamunayo anadzutsa mutu.

"Watentha? Ine ndalipeza pansi pa pilo wanga. Ndimayesa wandiikira ndiwe."

Mwamunayo analiika bukulo pansi mosamala n'kudziwalitsa tochi m'manja. Zala zake zonse zinali zakuda ndi mwaye.