Nyimbo Yotulutsira Bokosi

Ndaziona anali pa Park Station ku Joni Lachinayi masana, akudikira dalaivala wa basi ya ku Lilongwe kuti amupatsire mankhwala a amayi ake, pomwe anamva lipenga likulira kuseri kwa mulu wa zikwama. Anaizindikira nyimboyo. Inali ija amaimba ana posewera kwawo ku Ntcheu, koma itapindidwapindidwa ngati yaledzera.

"Mwailakwitsa," anatero asanaganize n'komwe.

Mwamuna wamtali wa jekete yofiira anachotsa sakisofoni pakamwa n'kuseka.

"Sindinalakwitse, asisi. Ukalakwitsa mwadala amati jazi."

"Chichewa chanucho munachitola kuti?"

"Ku Shamva, ku Zimbabwe. Agogo anachoka ku Dedza kukagwira ntchito mu mgodi, osabwereranso. Ndine Kennias. Ku Malawi sindinapondeko, ndimangokumva m'mawu a anthu ngati inu. Tandiimbireni m'mene imakhalira."

Anamuimbira mzere umodzi, maso ali pansi. Basi inatsala pang'ono kumusiya ndi mankhwala m'manja.

Ndaziona ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa garaja. Foni yake, imene kale inkangolira pobwera nkhani za matenda, inayamba kunjenjemera m'thumba la epuloni tsiku lonse.

"Wadzuka, njiwa yanga? Ndayesa kuliza lipenga, koma likungotchula dzina lako."

"Ndikukolopa. Usandisokoneze."

"Kolopa msanga. Tsiku lina manja amenewo adzangogwira maikolofoni ndi mphete yanga basi."

Lachinayi lililonse, tsiku lake lopuma, ankakhala pa udzu ku Zoo Lake, Kennias akufotokoza maloto ake.

"Tangoganiza. Mbali ino ng'oma ndi sakisofoni, mbali iyo mavayolini makumi awiri, pakati Chichewa, Chishona ndi Chizulu. A okesitira amawerenga nyimbo pa pepala, ife timaimva m'mimba. Ndikufuna ziwirizi zikwatirane."

"Zikakwatirana izo, nanga ife?"

"Ifeyo ndiye oyambirira, mtima wanga. Ndingopeza nyimbo imodzi yoti holo yonse ikhale chete."

Kumene ankakhala, Kennias sanamutengereko. Ankati m'nyumbamo muli amuna okhaokha asanu ndi mmodzi. Ndaziona sanafunsenso. Wofunsa mafunso ambiri amakhala kuti akufuna kupeza chiyani?

M'mwezi wa Juni 2015, kukuzizira koopsa, mlongo wake anaimba foni m'mawa. Amayi anali atatisiya.

Mapepala a Ndaziona anali atatha kalekale. Kudutsa pa malire a Beitbridge kukanatanthauza kuti samulolanso kubwerera ku Joni, chonsecho ana awiri a malemu mchemwali wake ankadya ndi kuphunzira chifukwa cha ntchito yakeyo. Amayi anaikidwa iye akusita malaya a eni nyumba.

Lachinayi lotsatira Kennias anabwera m'kachipinda kaja. Anamupeza atakhala pansi, atamanga chitenje m'chiuno.

"Kwathu kuli nyimbo," anatero Ndaziona. "Anaipeka ndi agogo awo a amayi. Amaimba ndi mwana wamkazi, bokosi likamatuluka m'nyumba. Imaimbidwa kamodzi kokha pa munthu mmodzi. Ukaibwereza ndiye kuti wamubweza m'nyumba kuti atulukenso, sapuma. Amayi atuluka popanda wowaimbira, Kennias."

"Aimbire pano. Akumva."

"Siituluka m'chipinda chino?"

"Ndikulumbira pa manda a agogo anga. Ndi yako ndi amayi basi."

Ndaziona anatseka maso n'kuimba.

"Musatseke chitseko, amayi, ndikubwera,
fumbi la msewu landimanga miyendo.
Pitani bwino, moto ndisonkha ndine."

Mawu anaduka pakati, analira, n'kupitiriza mpaka kumapeto. Atatsegula maso anaona Kennias akupukuta misozi ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba la jekete. Anamukonda kwambiri tsiku limenelo.

Miyezi inayi yotsatira Kennias anayamba kusowa. Ankati akuyeserera ndi gulu lalikulu ku Durban. Mauthenga okha ndi amene sanasiye.

"Pirira, njiwa yanga. Ndikukukonzera chinsinsi. Ukadzachiona udzalira."

Ndaziona anayamba kumadziyang'ana chala.

Lamlungu lina adona ake anagogoda pa chitseko atanyamula matikiti awiri. Amuna awo anali atadwala chimfine.

"Vala bwino, tipite ku Braamfontein. Kuli jazi ndi okesitira masana ano, akuti mulinso nyimbo ya kwanu."

Holo inali yodzaza. Kutsogolo kunakhala anthu a zovala zakuda, mavayolini ali pa phewa, mapepala ali patsogolo pawo. Kenako panatulukira mwamuna wamtali ndi sakisofoni. Mtima wa Ndaziona unadumpha. Si uja ali ku Durban? Kapena chinsinsi chija n'chimenechi?

Chakumapeto, Kennias analankhula m'Chingerezi, akumwetulira.

"Nyimbo yomalizayi ndi ya chikondi. Agogo anga ankaimbira agogo aakazi ku mgodi. Lero ndikuipereka kwa mkazi wanga, Sekai, amene tiimbe naye."

Panabwera mayi wokongola wa diresi yobiriwira, ali ndi pakati poonekeratu. Anthu anaomba m'manja. Ndaziona anagwira mpando.

Magetsi anachepa. Ndipo m'masipika onse munatuluka mawu a munthu mmodzi, opanda choimbira chilichonse.

"Musatseke chitseko, amayi, ndikubwera..."

Anali mawu ake! Ngakhale pamene anadukira ndi kulira panali pomwepo. Mavayolini analowa pang'onopang'ono pansi pa kulirako, ng'oma inatsatira, sakisofoni inakwera pamwamba. Sekai anailandira m'Chishona, oimba ena anayankha m'Chizulu, kenako mawu a Ndaziona anabwereranso. Kachiwiri. Kachitatu. Inali yokoma, ndipo kukomako n'kumene kunkapweteka. Kutsogolo kwake mnyamata ndi chibwenzi chake anatsamirana mitu. M'mbali mwa holo ena anaimirira n'kumavina awiriawiri.

Zitatha, adona ali pa mzere wogula ma CD, Ndaziona analunjika pamene Kennias ankapatsa anthu moni. Atamuona, nkhope yake inagwa.

"Ndazi... wabwera bwanji?"

"Foni inali m'thumba tsiku lija, ikundijambula?"

"Tamvera, sisi. Holo yonse yalira chifukwa cha iwe. Nyimbo ngati imeneyi singafere kuseri kwa garaja."

"Lero ndine sisi?"

Sekai anayandikira, akumwetulirabe. "Ndi ndani ameneyu, Kenny?"

"Mawu munamva aja ndi anga, mayi," anatero Ndaziona. Sanakweze mawu. "Mukudziwa chimene mwaimba? Si ya chikondi. Timaimba bokosi la maliro likamatuluka m'nyumba. Ndinaimbira amayi anga. Amuna anu anali pambali panga, pa mphasa yanga."

Kumwetulira kunachoka. Sekai anagwira mimba yake ndi manja onse awiri.

"Wandiimbitsa nyimbo ya maliro ndili chonchi?"

"Ndi nyimbo chabe, Sekai. Zakumudzi izi."

"Ifufute," anatero Ndaziona. "Za ukwati ndazimva ndekha, sindikufunsa. Nyimbo yokhayo, ifufute."

Kennias anayang'ana ku tebulo kumene anthu ankakankhana.

"Ma CD atuluka kale. Mawa iyamba kumveka pa wailesi."

Ndaziona anatembenuka. Sanamve ngati anamuitana.

M'galimoto adona anali osangalala ngati mwana. Anang'amba pulasitiki ya CD ndi mano n'kuilowetsa. Ali pa msewu wa Jan Smuts, mawu aja anadzazanso galimoto yonse.

"Mtsikana akuimba poyambayu, ndani angamudziwe? Akuchita ngati akuliradi. Akuti chiyani, Ndazi?"

Ndaziona anayang'ana kunja. Anaona bokosi likutuluka pa khomo la kwawo, anthu n'kulibweza, n'kulitulutsanso. M'galimoto zingati madzulo ano? M'nyumba zingati mawa?

"Akutsanzikana ndi amayi ake," anayankha.

"Zokoma bwanji. Tiziimvera m'khitchini m'mawa uliwonse, izikukumbutsa kwanu."

Nyimbo inatha atafika pa maloboti a ku Rosebank. Adona anatambasula dzanja n'kuibwezera poyambira.

"Pepani, amayi," ananong'ona Ndaziona. "Dzukaninso."