Khomo la Kuseri kwa Koleji

Banja la Venâncio ndi Felesita linali lija amayi amaloza polangiza ana awo. Anadziwana ali ana kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, anabwerera mtendere utabwera, kenaka anakwatirana. Venâncio ankagula nyemba ku Majaua n'kumagulitsa kumalire. Felesita ankakazinga mandasi pamsika wa Milange. Sanali olemera, koma mchere sankapempha.

Chimodzi chokha Venâncio analibe: sankadziwa kuwerenga. Felesita nayenso anakula wosadziwa, mpaka koleji ina itatsegula maphunziro a akuluakulu, iye n'kukalowa ali kale ndi ana atatu. Kuyambira pamenepo anasanduka maso a mwamuna wake. Uthenga ukalowa pafoni, Venâncio ankabwera nayo atainyamula ngati dzira: "Mayi a Célia, taonani akuti chiyani uyu." Mapepala a kumalire, khadi la kuchipatala, zonse zinkadutsa pamiyendo pa Felesita, iye n'kumawerenga mokweza, monyadira. Mabanja ena amamangidwa ndi munda, ena ndi ana. Ili linamangidwa ndi foni ija.

Woyang'anira maphunzirowo anali Armanda. Chaka chothawa nkhondo, mayi ake atafooka m'njira, anali bambo a Felesita amene anamuwolotsa Ruo ali khanda, madzi akuwafika m'chifuwa. Ngongole yotere siitha ndi mbuzi. Armanda anakula akudziwa kuti wa kwa Felesita akagogoda, sabwezedwa, ndipo Felesitayo ankamutcha mana, kutanthauza mkulu wake.

Ntchito yake inali yosasiririka. Ankayenda m'mipingo kukopa anthu, ankasuntha nthawi ya kalasi mvula ikagwa kuti anthu ayambe apalira, ankapempha choko ngati wopala moto. Akuluakulu a koleji anamuuza mosabisa kuti mayina akatsika pa makumi awiri ndi asanu, kalasi itsekedwa. Amayi ankabwera, koma uyu watenga pakati, uyu mwamuna wamuletsa. Amuna ndiye ankakaniratu kukhala benchi limodzi ndi akazi. Choncho Armanda anapeza nzeru: amuna azibwera mmodzimmodzi masana, podzera khomo la kuseri, mayina awo azikhala m'kaundula wapadera wotsekeredwa m'kabati. Anawalumbirira kuti dzina silidzatuluka. Analipo asanu ndi mmodzi, ndipo ndi iwo amene ankachirikiza kalasi yonse kuti isagwe.

Tsoka linalowa ndi nthabwala. Célia, mwana woyamba, anapeza mwamuna wa m'banja la aphunzitsi okhaokha. Pokambirana za ukwati, malume a mkamwiniyo anati makolo adzasaine ku rejisito, ofesi yolembetsa maukwati, ngati mboni. Felesita, chimwemwe chitamukwera m'mutu, anakweza chala chachikulu cha mwamuna wake.

"Awa musawavutikire cholembera, anabadwa nacho!"

Anthu anafa nacho chiseko. Venâncio nayenso anaseka, koma nkhuku ya tsiku limenelo sanaimalize.

Lolemba lotsatira anagogoda pakhomo la kuseri.

"Mlamu, undiphunzitse kulemba. Koma mkulu wako asamve."

"Alamu, mana Felesita akamva asangalala kuposa ine."

"Asangalala, inde, n'kukauza msika wonse. Ndikufuna adzaone yekha tsiku la ukwati, ndikukankhira inki yodindira chala ija kumbali."

Armanda anavomera. Akanakana bwanji?

Patatha miyezi itatu, foni inasiya kubwera pamiyendo pa Felesita. Ikalira, Venâncio ankapita nayo kuseri kwa nkhokwe, n'kukakhala nthawi yaitali milomo ikugwedera. Felesita anayamba wadikira. Sabata, masabata awiri. Manja ake ankachita kuyabwa.

"Bambo a Célia, masiku ano a nyemba sakukulemberani?"

"Amaimba."

"Ndamva kauthenga kakulowa katatu."

"Ndi zotsatsa malonda zija."

Felesita anaika pansi mbale imene ankatsuka. "Mwadziwa bwanji kuti ndi zotsatsa malonda? Ndani akukuwerengerani?"

Venâncio anangodzuka n'kukapopa njinga yosaphwa.

Mkazi ukhoza kumulanda nsalu, akhululuka. Koma kumulanda ntchito imene imamudziwitsa kuti pakhomopo amafunika, ndiye wamulanda mpando. Felesita sanaganize zoti mwamuna wa zaka makumi asanu angaphunzire. Anangodziwa kuti maso ena alowa m'banja lake.

Nkhuni anabweretsa ndi Belmira, wogulitsa tomato moyandikana naye, amene munda wake wa chinangwa unali kuseri kwa koleji.

"Ine za anthu sindinena, mnzanga. Koma Lachiwiri ndi Lachinayi njinga ya kwanu imadya udzu pamunda panga. Chitseko chimatsekedwa. Mwini njinga amatuluka akupukuta thukuta."

Lachinayi Felesita anasiya mandasi, n'kukabisala m'chinangwacho. Dzuwa lili paliwombo chitseko chinatseguka pang'ono. Armanda anasuzumira uku ndi uku, kenaka anakodola, ndipo Venâncio anatuluka mozemba ngati wakuba nkhuku. Felesita anaona zonse. Armanda! Mwana amene bambo ake anamunyamula!

Kunyumba kunali moto.

"Mwasowa akazi Milange yense kuti mukalowe kwa mng'ono wanga?"

"Mayi a Célia, palibe choipa ndachita. Dikirani mwezi umodzi wokha."

"Ndidikire chiyani? Mimba?"

"Pakamwa panupo ndi pamene panayambitsa zonsezi!"

"Ndiye nenani! Mumakatani mmenemo?"

Mawu anayi okha akanazimitsa moto umenewo. Koma Venâncio anamva m'makutu mwake chiseko cha tsiku lija. Anamanga matumba panjinga n'kuthawira ku Majaua masiku atatu. Amuna amayesa kuti mkangano ukausiya umazizira ngati phala. Sadziwa kuti umafufuma ngati ufa wa mandasi.

Armanda atamva kuti Felesita sakudya, sakugona, mtima unamupweteka. Loweruka m'mawa anapita kumsika. Anamupeza atakhala pambali pa mbaula, mafuta akubwadamuka m'chiwaya. Belmira anasiya kupanga milu ya tomato. Amayi ena anasendera, ndipo mwa iwo Armanda anaona akazi a ophunzira ake awiri a khomo la kuseri.

"Mana, tiyeni kunyumba tikalankhule."

"Za m'nyumba zotseka ndatopa nazo. Nena pompano. Mwamuna wanga amadzatani kwa iwe?"

Armanda anayang'ana makutu onse aja. Akatchula mmodzi, msika usanaweruke aliyense adziwa chimene chimachitika kuseri kuja, amuna onse athawa, kalasi itsekedwa.

"Si zimene mukuganiza, mana. Afunseni alamu."

"Ndikufunsa iwe!"

"Sindingathe. Ndinalumbira."

"Unalumbira! Kwa mwamuna wanga? Mwamva, anthuni? Ali ndi malumbiro awo!" Felesita anaimirira. "Bambo anga anakuwolotsa Ruo, iwe. Akanakusiya ng'ona zikudye."

"Mana, ndine amene ndinakuphunzitsani kugwira cholembera, mungandiganizire..."

"Ndiye wabwera kudzatenga malipiro?"

Mpaka lero Felesita sakumbukira kuti chiwaya anachinyamula bwanji. Amakumbukira kukuwa, ndi fungo, ndi Armanda akugubuduka m'fumbi manja ali kumaso. Zikhato zake zomwe zinapsa, koma anazimva apolisi atamufika kale.

Armanda anakhala miyezi iwiri m'chipatala ku Quelimane. Moyo anaupulumutsa. Maso onse awiri anapita.

Kukhoti kabati ija inatsegulidwa, kaundula anawerengedwa mokweza, mayina onse asanu ndi awiri. Chinsinsi chimene Armanda anataya nacho maso chinatha m'mphindi imodzi. Venâncio anaimirira n'kufotokoza zonse, kuyambira pa nthabwala ya chala. Felesita ankangopukusa mutu. Bodza, agwirizana. Venâncio atamaliza, mlembi wa khoti, amene ankamudziwa, anamusunthira pepala ndi kabokosi ka inki. Venâncio anakankhira inki kumbali. Anatenga cholembera, anawerama, lilime lili pakati pa mano, ndipo analemba pang'onopang'ono, thukuta likugwera patebulo. 

Felesita anasuzumira, n'kuliwerenga dzinalo. Analira kulira kumene anthu amalira pamanda, mpaka woweruza anaimitsa mlandu. Atabwerera, woweruzayo anamupatsa zaka khumi ndi ziwiri.

Kalasi inatsekedwa mwezi womwewo, pakuti amuna aja sanabwererenso. A kwa mkamwini anatumiza mawu kuti ayambe aganiza, ndipo akuganizabe. Ana a Felesita tsopano amasinthana kukatungira madzi Armanda. Ngongole inatembenuka: kale a kwa Armanda ndiwo ankaweramira a kwa Felesita, lero ndi zidzukulu zomwe za Felesita sizidzamaliza kubweza.

Anthu amati nsanje ndiyo inachita. Nsanje inanyamula chiwaya, n'zoona. Koma moto anakoleza ndi mkazi amene anaseka chilema cha mwamuna wake pagulu, anakupiza ndi mwamuna amene anakonda ulemu wake kuposa tulo ta mkazi wake, ndipo amene anapsa ndi yekhayo anasunga mawu ake. Chabwino chomwe, ukachibisa m'nyumba, chimanunkha ngati choipa.

M'ndende, akaidi anzake akalandira makalata amabwera nawo kwa Felesita, iye n'kumawawerengera. Mwezi wachisanu woyang'anira ndende anaitana dzina lake n'kumupatsa kalata. Kanali kapepala kong'ambidwa m'kope, zilembo zikuluzikulu zopendekeka ngati mpanda wa chaka chatha.

"Mayi a Célia. Nyemba zatsika. Armanda akuti mudye. Ndalemba ndekha. Palibe wondikonzera."

Mnzake wa pamphasa anamugwedeza. "Akuti chiyani? Tatiwerengerani."

Felesita, amene anawerengera anthu zaka zonsezi, anapinda kapepalako n'kukabisa pachifuwa.