Wambendera Yofiira pa Mlatho

Jeke anaweruka mochedwa tsiku limenelo. Dzinali anamupatsa anzake a kugalaja chifukwa anali wamfupi koma wonyamula zolemera. Kuyambira masana anali chigonere pansi pa chingolo chachitali ngati bongololo, cha matayala osawerengeka, chomwe chinabereka mutu wa sitima wathunthu, womangidwa ndi matcheni onenepa ngati mkono wa munthu. Matayala angapo anali ataphulika panjira. Mkazi wake anali ataimba kale kangapo kuti mwana thupi likungotenthabe, abwere msanga ndi mankhwala.

Atamanga nati yomaliza sanasambe n'komwe m'manja. Dalaivala wa chigalimotocho, bambo waimvi wosalankhulalankhula, anamuuza kuti agone pompo mpaka kuche. Jeke anangosisita thumba lomwe munali mankhwala, n'kuuyatsa wakunyumba.

Msewu unali zii. Nyumba zinatha, magetsi anatha, kunatsala mdima ndi mlatho wautali womwe ankayenera kuwoloka.

Atangoponda pamlathopo anaona munthu patsogolo pake, wamtali, wowonda, atavala chovala chonyezimira cha anthu operekeza katundu wamkulu, mbendera yofiira ili m'manja. Koma ankayenda chafutambuyo. Nkhope inaloza kwa Jeke, mbendera ikukupizidwa pang'onopang'ono.

Jeke anapereka moni. Sanayankhidwe. Maso a munthuyo ankadutsa pamwamba pa mutu wake.

"Bwera... bwera... kumanzere pang'ono," ankatero ndi mawu osasa.

Jeke anacheuka. Kumbuyo kunalibe kanthu.

Komatu kumsana kwake kunkatentha ngati waima kutsogolo kwa injini. Fungo la dizilo linamukwana. Mlatho unayamba kunjenjemera pansi pa mapazi ake. Matcheni... ngwe, ngwe, ngwe! Akafulumira, munthu uja ankafulumiranso. Akaima, nayenso ankaima.

Kenako maso aja anatsika n'kumuyang'ana iyeyo.

"Achimwene, katunduyu saima. Chokanipo pakatipo!"

Manja ozizira ngati chitsulo cha m'mamawa anamukankha pachifuwa. Anakagwera kumbali, pazitsulo zotchinga mlatho. Nthawi yomweyo lole yeniyeni, yopanda nyali ngakhale imodzi, inadutsa kuti vuu! pamalo pomwe anaima paja. Mphepo yake inamuvula chipewa.

Anadzuka. Anayang'ana uku ndi uku... palibe munthu, palibe mbendera.

Anathamanga osacheukanso mpaka kunyumba. Mwana anamwa mankhwala, ndipo chakum'bandakucha anatuluka thukuta n'kugona tulo. Jeke yekha ndiye anakhala chikhalire pampando, nsapato zili kuphazi. Mkazi wake atamufunsa za chigongono chonyuka, anangoti wagwa.

Kutacha anabwerera kukatenga zitsulo zake. Anapeza dalaivala uja akumwa tiyi pamasitepe a chigalimoto, ndipo anamupempha kuti amuonetse woperekeza wawo, akamuthokoze. Dalaivalayo anati wawoyo wagona m'galimoto usiku wonse, mkonono wake wasowetsa anthu mtendere. Ndiye Jeke anafotokoza zonse, msinkhu wa munthuyo, mawu osasa aja, ndi kayendedwe kake kachafutambuyo.

Bamboyo anaika kapu pansi. Anayang'ana kumene kunali mlatho.

"Ameneyo ndi mlamu wanga," anatero motsitsa mawu. "Ankanditsogolera pamlatho womwewo titanyamula chithanki cha kufakitale. Tcheni linaduka. Anakankha mayi wina amene ankadutsa, iye n'kutsalira pansi pa chithankicho."

Jeke anafunsa kuti zinachitika liti zimenezo.

"Pomuika m'manda, mchemwali wanga, mkazi wakeyo, anali woyembekezera. Mwana wakeyo ndi amene wagona m'galimotomu, woperekeza wathuyu."