Maso a M'chipinda cha Nyali Yofiira

Izi anandiuza ndi mlamu wanga, mayi wosakonda nkhani zam'maluwa. Mnzake wa kuntchito, amene timangomutcha Chimtali, analipo, ndipo mpaka lero sakana.

Awiriwa amagwira ntchito mu labu, kufufuza mapuloteni a m'maselo amene amanyamula vitamini A. Mlamu amati vitaminiyo ali ngati khanda: popanda wolibereka silifika kokafunika, ndipo maso amalephera kuona kukangoda. Kuwala kumamuwononga vitaminiyo, choncho amagwirira ntchito m'chipinda chopanda zenera, muli kanyali kofiira basi.

Tsikulo anali ndi maso a bambo wina amene chibadwire sankaona kanthu dzuwa likangolowa. Asanamwalire analamula yekha kuti maso ake akawapime, chifukwa mwana wake wamkazi anali atayamba vuto lomwelo. Akanawonongeka amenewo, ena panalibe.

Anali masana ndithu. Anakhoma chitseko, n'kuzimitsa magetsi. Mlamu atangong'amba diso loyamba, m'chipindamo munamveka fungo la jekete lonyowa ndi mvula. Firiji inasiya kulira.

Kenako pakhoma. Shwaa. Shwaa. Chikhatho chikupapasa.

"Chimtali, ndiwe?"

"Manja anga ali mu ayezi, chemwali."

Chikhathocho chinkayenda pang'onopang'ono, chikulowera kuchitseko. Swichi ya magetsi ili komweko. Chimtali anafuna kuthawa, koma kutsegula chitseko kunalinso kulowetsa kuwala. Anangoima.

Chala chinagunda pulasitiki ya swichi. Kha.

"Bambo," anatero mlamu monong'ona, "pepani, musayatse. Mukayatsa, mwana wanu sitimuthandiza."

Magetsi sanayake.

Fungo lija linasendera. Linadzaima kumbuyo kwa mlamu. Mpweya wozizira unkamugunda pakhosi, ngati munthu akusuzumira paphewa. Mlamu anapitiriza ntchito. Diso lachiwiri. Timabotolo. Zivundikiro. Atakulunga kabotolo komaliza m'pepala losalowa kuwala, firiji inayambanso kulira.

Anayatsa. Munali iwo awiri, chitseko chili chikhomere. Anagwirizana zosauza bwana, poopa kusekedwa.

Patapita masiku, mwana wa malemu uja anabwera kudzapereka magazi. Ndi mayi wofatsa, mphunzitsi. Mlamu akumumanga lamba pamkono, mayiyo anati, "Ndinawalota bambo. Akuti ndikuthokozeni, munawalankhula mwaulemu."

Mlamu anatenga jakisoni.

"Akuti m'chipinda mwanu muja ankaona bwinobwino, koyamba m'moyo wawo mumdima. Anakuonani inu, ndi abambo aataliwo. Koma akufunsa za wachitatu uja."

"Wachitatu uti, mayi?"

"Amene anakhala pansi pa tebulo, pafupi ndi miyendo yanu. Akuti n'chifukwa chake ankafuna kuyatsa."