Kabawi Wosauluka

Sajeni anawaona komaliza ali moyo Lolemba masana, pa kauntala ya polisi. Anali mayi wamkulu wa bungwe losamalira mbalame, ndipo anabwera ndi katoni yobooledwa m'mbali, muli kadzidzi amene analanda kwa anthu ogulitsa mumsewu. Ankafuna kuti apolisi akawagwire anthuwo. Sajeni anali atatopa. Anawauza kuti galimoto ilibe mafuta, abwerenso mawa.

"Mawa lanuli, bambo, silikalamba," anatero akuseka, n'kunyamula katoni yawo.

Lachinayi m'mawa anawapeza atamwalira, ali gone pansi m'chipinda chogonekamo mbalame zovulala kubungweko.

Chipindacho chinali chaching'ono, chonunkha zitosi ndi mankhwala. Makatani anali otseka, magetsi ozimitsa. Amayi, monga onse pamalopo ankawatchulira, anagona chagada pafupi ndi tebulo lachitsulo, mutu wonse utaphimbidwa ndi thaulo loyera lopindidwa bwino m'mbali. Pangodya ya tebulo panali magazi pang'ono ndi tsitsi. Pansi panagwera jekeseni wodzaza mankhwala.

Dokotala anavundukula thaulo, nayang'ana nthawi yaitali.

"Anamenyetsa mutu apa dzulo madzulo," anatero. "Koma sanamwalire pomwepo. Magazi ankatayikira m'kati pang'onopang'ono. Akanawathamangitsira kuchipatala, bwenzi pano akukalipira manesi."

Ogwira ntchito pabungwepo anali atatu okha. Amayi ankalemba anthu amene kwina konse anali atathana nawo. Panali namwino amene anasiya chipatala atatopa ndi kutseka anthu maso. Panali telala wokalamba amene shopu yake inagwa chifukwa cha kaunjika. Ankasoka timatumba tonyamulira mbalame ndi kudyetsa mbalame zikuluzikulu. Wachitatu anali bambo wina wotchedwa Ulimbo, chifukwa kale ankatchera mbalame n'kumagulitsa. Sajeni yemweyo anamumanga kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anamutengera kwa Amayi m'malo mwa kukhothi.

Pamene Sajeni ankabwerera ku ofesi, anapeza bwana wake atamutsekera kale Ulimbo m'chitokosi.

"Fisi sasiya mafupa, Sajeni," anatero bwanayo osadzutsa mutu. "Anthu anamumva akukangana nawo dzulo. Mawa m'mawa akupita kukhothi. Ngati muli ndi wina, mubwere naye lero."

M'chipinda chofunsira mafunso munali mipando iwiri, wina wa miyendo itatu. Ulimbo anasankha wothyokawo osauzidwa.

"Munakangana chiyani?" anafunsa Sajeni.

"Za kabawi wina amene timasunga, bwana. Amayi anati walephera kuuluka katatu konse, ndiye lamulo la pamalopo ndi jekeseni, agone osadzukanso. Ine ndinati mbalame ija ili bwinobwino, imadya kuposa ine. Anandiuza kuti ndikasese."

"Kenako?"

"Ndinakasesa. Nanga ndikanatani? Ndinakwera minibasi dzuwa lisanalowe."

"Alipo anakuona?"

"Kondakitala. Koma iwo aja amaona m'manja, saona kumaso." Anasiya kuseka. "Bwana, munandipereka nokha kwa Amayi aja. Dziko lonse ndi iwo okha anandipatsapo makiyi."

Sajeni anadzuka pampando. Anali atamvapo anthu opha anzawo akulira mokoma kuposa pamenepo.

Anabwerera kubungwe. Anapeza namwino akutsuka mbale za mbalame, maso ali ofiira.

"Ndinu munawaphimba thaulo, mayi?"

"Ine? Zaka zonse zija m'wodi? Munthu wovulala kumutu sumuphimba nkhope. Umamuyankhulitsa, umamugwedeza, asagone. Zophimbazo ndi za mbalame."

"Za mbalame bwanji?"

"Mbalame ikadzimenyetsa pagalasi n'kukomoka, timaiphimba kumutu, kuzimitsa magetsi, kutseka chitseko, osapanga phokoso. Pakapita kanthawi imatsitsimuka yokha. Ndi chinthu choyamba chimene Amayi ankaphunzitsa aliyense wobwera pa..."

Sanamalize. Mbale inamupulumuka n'kugwera m'madzi, iye n'kukhala pansi pomwepo.

Sajeni anaima chilili. Ndiye kuti wophimbayo sankabisa mtembo. Ankadwazika. Koma zimenezi sizinamuchotse Ulimbo pamlandu, pakuti nayenso anaphunzira phunziro lomwelo.

"Ndionetseni kabawiyo," anatero.

Khola lake linali kuseri, lalitali, la waya. Namwino anavala magolovesi achikopa, anagwira mbalameyo miyendo, n'kutambasula phiko lakumanja. Linali lonse. Atatambasula lakumanzere, Sajeni anawerama. Pakati pa phikolo, nthenga zingapo zinali zazifupi kuposa zinzake. Sizinathothoke, sizinathyoke. Zinadulidwa. Pa zaka zake Sajeni anali atalanda matumba ambiri a anthu otchera, ndipo ankadziwa ntchito yawo: amazula nthenga ndi manja, mwachangu, kusiya magazi. Apa wodulayo anafatsa. Nsonga iliyonse anaizunguliza bwino kuti ioneke ngati inabadwa choncho, mzere uli wosalala ngati mpendero wa malaya.

"Amamudyetsa ndani?"

Namwino anayang'ana kukachipinda ka kumapeto, kumene kunkamveka makina osokera.

Telala anali atawerama pamakina, akusoka kathumba. Sizasi yake yaikulu inali pambali. Sajeni anakoka mpando, nakhala, n'kuika kanthenga kamodzi patebulo. Makina anaima.

"Madala, ntchito yabwino iyi. Ndayang'ana kawiri ndisanaone."

Mkuluyo anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali.

"Kabawi uja anabwera mwezi umene mayi akunyumba anandisiya," anatero. "Phiko lili lende. Ndinamudyetsa ndi manja angawa. Kunyumba kwanga kuli zii, bwana. Ana amaimba foni akafuna kudziwa ngati ndikadapuma. Koma iyeyu ndikangokhosomola panja, amayankha. Atachira, Amayi anati timumasule. Ndiye ndinadulako pang'ono. Akamuyesa, ankapendekeka n'kutera. Nthenga zikamera, ndinkadulanso. Sindinadziwe kuti ndikumudulira imfa."

"Dzulo chinachitika n'chiyani?"

"Anzanga atapita, ndinawapeza akupopa mankhwala m'jekeseni. Ndinawauza zonse kuti asamuphe. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Anati, 'Tinakutengani kuti muzimasula, osati kumanga. Nyamulani makina anu. Mbalameyo mawa ipita kwina.' Ndinawagwira mkono kuti andimvere. Anandikutumula. Ndinawakankha. Sindinama kuti anaterereka."

"Bwanji simunaitane anthu? Msewu uli pompo."

"Ankapuma, bwana! Ankapuma ndithu. Ndinawaphimba bwinobwino, ndinazimitsa magetsi, ndinatseka chitseko. Ndinakhala panja osakhosomola n'komwe. Ndinkadikira kuti ndimve akudzuka n'kuyamba kundikalipira. Mbalame zonse zimadzuka."

"Si mbalame aja, madala."

"Ndinakumbukira mochedwa."

Sajeni anadzisisita kumaso. Msana unkamupweteka.

"Nanga mnzanu? Munamuona akukwezedwa m'galimoto m'mawa uno, inu n'kupitiriza kusoka."

Telala anayang'ana pansi.

"Ndinati iye uja anakuzolowera kumeneko."

Pa zonse zimene Sajeni anamva tsiku limenelo, mawu amenewo ndi amene anamukana kutsika. Anatulutsa unyolo. Mkuluyo anapempha kuti amalize kaye msoko wa kathumba kaja, ndipo Sajeni anakana.

Madzulo omwewo anatsegula chitokosi yekha. Anamubwezera Ulimbo lamba ndi zingwe za nsapato.

"Katatu tsopano, bwana," anatero Ulimbo akumanga lamba. "Kawiri kaja ndinalakwadi."

"Pepa."

"Musapepese, simunazolowere, mungadwale nazo." Anaima pakhomo, nayang'ana kunja kumene anthu ankathamangira kwawo. "Mbalame zadya?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye ndipite."

Anapitadi. Iye ndi namwino anapitiriza awiriwiri kwa masabata angapo, kusesa, kudyetsa, kutsuka mabala. Koma anthu othandiza bungwelo ankadziwa nkhope ya Amayi yokha, ndipo palibe anafuna kusiya makiyi m'manja mwa munthu amene anamangidwapo katatu. Mbalame anazigawira kumalo ena. Kabawi anapita ali m'katoni, nthenga zisanamere.

Bungwelo linatsekedwa pa 30 Juni.